Mathanki Awiri ndi Theka

Lolemba, 6 Januwale

Kope ili ndi la Bambo, amuna anga. Lolembamo za kupopera matimati: tsiku, mphepo, mathanki angati. Zilembo zoima njo ngati mitengo ya mpanda. Tsamba lomaliza, 23 Disembala: "Mathanki asanu. Mphepo pang'ono." Pa 26 anagwa pakhomo pa bafa. Sitiroko. Masamba otsala ndi ambiri, ndiye ndizilembamo ine. Sangandiletse.

Mwendo wamanzere akhala akutsimphina nawo kuyambira ali mnyamata, ngozi ya njinga. Sitiroko yafika, yayang'ana miyendo iwiriyo, yasankha wabwinowo. Ndi dzanja lamanja lomwe. Pakamwa patsala liwu limodzi: eya. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndikudikira kuti munthuyu andivomereze kanthu. Tsopano ndi eya pa chilichonse.

Chisamba, mwana wathu woyamba, ananena poyera kuchipatala kuja: matimati awa akafa, basi, abwera kudzatitenga tikakhale kwake kutauni. "Munda si chipatala, amayi." Ndinavomera. Bambo anati eya, misozi ili mbwembwembwe.

Ndiye lero ndabereka sipuleya koyamba. Yanga inali ntchito ya kumsika, kugulitsa zomwe iwo alima. Matimati ndimawadziwira m'dengu. Ovolosi yawo, miyendo ndapinda katatu. M'jombo ndaikamo nsanza. Magolovesi, chophimba pamphuno. Ufa wachikasu woteteza matimati ku matenda a chiwawu: kapu imodzi, kulekeza pa mzere womwe anakanda ndi msomali, m'thanki ya malita 16. Zonse monga zalembedwera kuchikuto.

Mizere 60. Iwo mathanki asanu, m'mawa wonse. Ine awiri ndi theka, ola limodzi ndi pang'ono. Ndakawauza. Eya.

Lachinayi, 9 Januwale

Kuwasambitsa, kuwatembenuza, phala, mapilitsi awiri oyera limodzi lofiira. Msana wanga.

Bedi ndinalikokera pawindo kuti aziona munda wawo. Ndinalakwa. Windolo lili ndi zitsulo, ndipo iwo apeza supuni. Lolemba lija ndili pakati pa mizere ndinangomva go, gogo, go, gogo, osalekeza. Ndinathamangira m'nyumba sipuleya ili kumsana. Chimbudzi? Eya. Ndabweretsa chidebe, palibe kanthu. Tiyi? Eya. Sanamwe. Anangondiyang'ana maso ali psuu, ngati ine ndi amene ndinawagwetsa.

Chisamba waimba. Chipinda wakonza kale, cha kuseri, momwe amasungamo matayala akale. Windo lilipo, loyang'ana khoma la anzake. Akuti khomalo ndi lopakidwa penti bwinobwino.

Lolemba, 13 Januwale

Kupopera kachiwiri. Mphepo zii. Ndinadikira mame aume, monga kwalembedwa. Mathanki awiri ndi theka. Paketi yomwe iwo amathera milungu inayi ine indifikitsa isanu ndi itatu. Zaka zonsezi mankhwala ankapita kuti? Ndinkadziwa kuti ndinakwatiwa ndi munthu wochedwa, koma zoti ndi wowononganso sindinkadziwa.

Anthu amawatchula a Pang'onopang'ono, iwo amayankha. Sitinayendepo limodzi mumsewu. Ine patsogolo, kuima, kudikira, kuyambanso. Tsiku lokabereka Chisamba ndinafika kuchipatala ine woyamba, iwo pambuyo ndi chikwama.

Supuni pawindo kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza. Ndikangovula sipuleya, zii. Ndi nsanje, sakufuna kuona munthu wina atavala ovolosi yawo. Ndawauza zimenezo. Masana ndabisa masupuni onse achitsulo, adyera ya pulasitiki.

Ndasamba kawiri, fungo la mankhwala likadali m'tsitsi. Fungo limeneli ndinkaliyesa lawo lachibadwa.

Lachisanu, 17 Januwale

Mvumbi, lero tsiku lachinayi. Zofunda zawo siziuma, ndayanika m'khitchini, nyumba yonse ili ngati sitolo ya kaunjika. Matimati ali biriwiri, maluwa mbwee, tizipatso tayamba. Mlimi wa kuseri kwa mpanda waima ndi ambulera kuyamikira. Akuti mvumbi wotere chiwawu chimaukonda, ndisagone. Ndamuuza kuti ndikupopera Lolemba lililonse, ndipo mwachangu kuposa eni ake.

Ndilembe chilungamo, popeza palibe wowerenga. Kwa Chisamba kuli madzi a m'nyumba. Chipatala mphindi khumi. Mpongozi wanga ndi munthu, angandithandize kuwanyamula. Nthawi zina ndikamawatembenuza ndimaganiza: matimatiwo atafa, kodi ndingalire? Kenako ndimaona momwe akupotolera khosi kuti aone mzere wa kumapeto. Manyazi amandigwira. Kuchipinda cha matayala munthu uyu sangathe miyezi itatu, ndikudziwa.

Lolemba, 20 Januwale

Dzuwa linatuluka cha m'ma 9, ndathamanga kupopera. Awiri ndi theka. Pa mzere wa 41, kumunsi kwa munda komwe kumachedwa kuuma, masamba atatu ali ndi mabala ngati awauka ndi madzi otentha. Ndathothola, ndaika m'thumba la ovolosi. Mwina ndi dzuwa.

Supuni palibe koma phokoso linalipo, lofooka. Nditalowa ndapeza mfundo za zala zawo zitasupuka, magazi pa chitsulo cha windo. Amagogoda ndi chibakera. Ndatsuka, ndamanga, ndawakalipira. Dzanja limodzi lomwelo latsalalo. Ndawaonetsa masamba aja kuti mwina aseke nane. Atseka maso. Sananene ngakhale eya.

Lachitatu, 22 Januwale

Si dzuwa.

Kuyambira mzere wa 39 mpaka kumapeto, ngati wina wadutsamo ndi muuni. Masamba akuda, mitengo yake mabala abulauni, kunsi kwa tsamba nkhungu yoyera. Kafungo ka chinthu chovunda. Masiku awiri okha. Ndinaima pakati pa munda manja ali m'chiuno, mutu utaima.

Ndatenga paketi, ndakwera njinga ya hayala mpaka kusitolo ya zaulimi. Pakamwa panga pa kumsika pakadalipo. Ndamuuza wogulitsa uja, anthu ali pamzere, kuti amatigulitsa ufa wophikira wothira utoto, kuti akupha munthu wodwala ali pabedi, ndi zina zomwe sindilemba m'kope la Bambo.  Wawerenga tsiku pa paketi, wandionetsa, silinadutse. Akuti katoni yomweyo agula alimi makumi awiri, wobwera kudzatukwana ndine ndekha. Wandilembera nambala ya alangizi pa chikutu cha katoni. "Mukamaliza kupsa mtima, mayi, muwaimbire awa."

Windo ndatseka ndi nsalu. Ndati kukuzizira.

Lachinayi, 23 Januwale

Alangizi abwera pa njinga yamoto. Mzimayi wochepa thupi, wa msinkhu wa mpongozi wanga, jombo zoyera ngati saponda pansi. Ndinati apa palibe chanzeru. Ndinalakwanso.

Ayang'ana paketi: abwino. Kapu: yabwino. Sipuleya ayimasula, kamlomo kake kotulukira mankhwala akapenyetsetsa kudzuwa, akuti kosamalidwa kotere sanakaonepo. Kenako kope. Atsegula masamba a Bambo: asanu, asanu, asanu, zaka ndi zaka. Afika pa anga. Anawerenganso za madzi a m'nyumba zija, ndikuganiza, koma nkhope sinasinthe.

Athira madzi okha m'thanki, akuti ndipopere mzere umodzi monga ndimachitira. Ndayenda. Pofika kumapeto ndawapeza akuyang'ana wotchi. "Mayi, mumathamangira basi yanji?" Atembenuza tsamba. Pamwamba timadontho apa ndi apo. Kunsi gwa, kouma ngati pepala.

Mmene andifotokozera. Kapu ndi ya thanki, koma mathanki ndi a munda. Munda uno umadya makapu asanu. Ine ndakhala ndikuupatsa awiri ndi theka, pamwamba pokha, pomwe chiwawu chimalowera kunsi kwa tsamba. Muyezo wa sipuleya suli m'kapu mokha, uli m'miyendo ya woibereka. Bambo anasankha kamlomo ka bowo laling'ono, ka nkhungu, kogwirizana ndi mayendedwe awo. Chilichonse m'kope lino chinayezedwa pa mwendo wotsimphina, ndipo zimenezo sanalembe. Akanalemberanji? Mwendo anali nawo.

Ndafunsa ngati kulibe kamlomo ka anthu ofulumira. Kalipo, ka bowo lalikulu, koma madontho ake ndi akuluakulu, amangotsetsereka n'kugwera pansi. Pa chiwawu chotere ayi. Akuti thanki imodzi, mizere khumi ndi iwiri, ndodo ya sipuleya ikulowa pansi pa masamba. Ikapitirira mizere imeneyo, ndiye kuti ndathamanga.

Mizere 22 ya kumunsi: kuzula, kukwirira kutali. Yotsala 38 mwina, ndi mankhwala ena olowa m'kati mwa mbewu, kawiri, kusiyanitsa masiku asanu ndi awiri. Mwina. Mvula ikachita ulemu.

Ndabwerera kusitolo. Ndapepesa pamzere womwewo. Wogulitsa wati palibe kanthu, koma waitana mnzake wa sitolo yoyandikana kuti adzamve nawo.

Lachisanu, 24 Januwale

M'mawa kuzula. Mawilibala khumi ndi anayi, dzenje kuseri kwa khola. Ena anali ndi zipatso ngati mazira. Ndinalira pa wilibala yachisanu ndi chinayi, kenako ndinapitiriza.

Masana kuyeserera ndi madzi pa mizere yopanda kanthuyo. Kuyenda pang'onopang'ono ndi ntchito, sindinkadziwa. Ndawerenga m'mutu: modzi, wiri, phazi. Mizere itatu bwinobwino, wachinayi maganizo apita ku phala, miyendo yabwerera kumsika. Thanki yoyamba mizere 19. Yachiwiri 17. Ndaimba nyimbo ya maliro kuti indichedwetse, ndapezeka ndikuyifulumizitsa nayonso. Zaka 58 ndikuyenda chonchi.

Nsalu ya pawindo anali ataigwetsa. Ndinawabwezera supuni dzulo chifukwa cha zala zija. Thanki yachitatu, yayamba: go, gogo, go, gogo. Mtima unandipsa. Ndinati chabwino, mukufuna ng'oma, ndivina. Ndaponda pa go, ndakoka phazi linalo pa gogo, mwachipongwe, kuwayerekeza. Mzere umodzi. Wachiwiri. Pa wachitatu ndinayamba kumvetsera.

Phokoso limenelo ndimalidziwa. Ndi la pa simenti ya pakhonde madzulo alionse, zaka makumi atatu ndi zinayi, lomwe ndikalimva ndimaika madzi pamoto. Ndi mapazi awo.

Thanki yathera pa mzere wa khumi ndi chiwiri, masitepe anayi kuti ndimalize.

Milungu itatu munthu akundiuza, mpaka ndi magazi. Ine kumupatsa chidebe.

Ndalowa osavula jombo. Ndakhala pansi pafupi ndi bedi. Ndati pepani. Ayika supuni pamutu panga, go, kamodzi, osati mopweteka kwenikweni. Eya.

Loweruka, 25 Januwale

Kuchokera pawindo phokoso silifika bwino kumtunda kwa munda. Mlimi wa kuseri wandithandiza, tawakweza pa wilibala yotsuka, mapilo awiri, mpaka pansi pa mtengo wa mapeyala. Kumene kukuchokera mphepo, kuti nkhungu ya mankhwala isawapeze. Mpando wa ndodo, chipewa, ndowa yachitsulo yovundikira pambali pa dzanja lamanzere. Supuni yaikulu yophikira.

Mankhwala atsopanowo, muyezo wa alangizi. Mizere 38, mathanki atatu ndi pang'ono. Maola awiri ndi theka. Phewa likuyaka, dzanja lopopa lachita dzanzi. Ndikangofulumira, ndowa imalira kawiri mwaukali, ndibwerere. Ndikaiwala kunsi kwa masamba, chimodzimodzi. Maso a munthu uyu sitiroko sinawakhudze.

Poyenda chonchi munthu umaona zinthu. Mazira a mbozi kunsi kwa tsamba. Chingwe chomwe chamasuka. Nthambi yofunika kuthena. Ndinkati amachedwa m'munda chifukwa chothawa pakamwa panga. Mwinanso zinali zonse ziwiri.

Amayi awiri odutsa pamsewu anaima kuonerera: mwamuna akuimba ndowa, mkazi akutsimphina ndi miyendo yabwinobwino. Pofika mawa mudzi wonse ukhala utamva kuti tapenga tonse awiri.

Lachitatu, 29 Januwale

Dzuwa masiku anayi. Mabala akale auma m'mphepete, atsopano ndapeza pa mitengo isanu ndi umodzi, ndazula. Alangizi anadutsa, atembenuza masamba, akuti chaima koma sichinachoke. Loweruka ndisaphonye.

Chisamba wamva. Wina wamutumizira chithunzi cha kumunsi kwa munda, dothi lokhalokha. Sanakalipe, bola akanakalipa. Mawu ofewa ngati a nesi. Abwera Loweruka ndi galimoto ya bokosi ya mnzake, ndilongedze zofunika zokha, zina tidzatenga pambuyo. Ndati matimati sanafe onse. "Amayi, tinagwirizana. Musadzipweteke chifukwa cha masamba."

Sindinawauze Bambo. Anamva okha, foni yanga imalankhulira nyumba yonse. Chakudya chamasana akana.

Sindinalongedze. Ndatulutsa sutikesi, ndayiyang'ana, muli ziphaso za ana ndi njenjete. Ndayibweza.

Vuto lina: mitengo yalemedwa ndi zipatso, ikugwa, zingwe zomangira zatha.

Loweruka, 1 Febuluwale

Tinalowa m'munda mame atangouma. Iwo pansi pa mpeyala, ine ndi thanki. Galimoto yafika ndili pa thanki yachiwiri. Ndinaimva, sindinacheuke. Ukaima pakati pa mzere pamakhala malo omwa kawiri ndi malo osamwa.

Chisamba waima m'mphepete, nsapato za kutauni, mikombero ya zingwe zomangira katundu paphewa. "Amayi." Go, gogo. "Amayi, dzuwa likupita, msewu ndi wautali." Ndamuuza kuti aime kumene kuli bambo ake, kuno kuli mankhwala, ndipo ndikamaliza tikamba. Wafunsa kuti mpaka liti. Ndati afunse oimba ndowa.

Wapita. Pokathira thanki yachitatu ndinamuona akuyenda kunja kwa mizere, akuwerenga ndi chala. Mwana amayenda ngati ine ameneyu, fumbi kumbuyo.

Mzere wa 29, chapakati, ndowa yasiya.

Sindinacheuke. Sindikudziwa ngati unali mwambo wa ntchito kapena mantha. Mantha. Dokotala ananena kuti sitiroko yachiwiri ikabwera sigogoda. Miyendo inangopitiriza yokha, kuponda, kukoka, kuponda, kukoka, m'makutu muli zii, m'chophimba pamphuno mwadzaza madzi. Ndinati ndikafika kumapeto ndiye ndione.

Ndisanafike yayambanso. Gogogogogo, ngati wogulitsa zitsulo. Ndacheuka. Bambo ali moyo, dzanja lili lende pa mpando, latopa. Supuni ili ndi Chisamba, atagwada pa dothi ndi buluku lake labwino. Bambo amuyang'ana momwe ankandiyang'anira ine milungu itatu. Kenako akweza dzanja lija movutikira, agwira mkono wa mwana wawo, n'kuyamba kuwutsitsa okha. Go. Gogo. Mwana wa zaka 33, wa ana awiri.

Mizere isanu ndi inayi yotsalayo tamaliza choncho. Anaphonya kangapo. Ine sindinaphonye.

Nditasamba ndamupeza akadali pansi pa mtengo, akuwapukuta bambo ake kukamwa. Wati wawerenga mizere 38. Ndati ndikudziwa. Wafunsa kuti kuthyola ndi liti. Milungu itatu, mvula ikalola. Wafunsa ngati Loweruka lililonse pamafunika woimba ndowa. Ndati Lolemba, koma tikhoza kusintha.

Za sutikesi sanafunse. Wawanyamula yekha kubwerera m'nyumba, wilibala wakana. Wadya, wanyamuka dzuwa likadalipo, galimoto ili gwagwagwa yopanda kanthu.

Lamulungu, 2 Febuluwale

Zingwe zija zili pakhonde. Ndamuimbira Chisamba, akuti waiwala. Mikombero inayi, yatsopano, munthu n'kuiwala.

Zokhuthala kwambiri, zingadule mtengo wa matimati. Koma chilichonse chili ndi nkhosi zitatu zopotana, ndipo imodziimodzi ikhoza kumangira bwino. Bambo agwira nsonga ndi dzanja lamanzere, ine ndikumasula. Tafika pa chachiwiri.